Achemwali afunsa komwe angapeze zowerenga za nyenyezi

Achemwali ena andilembera imelo kuti akufuna kufufuza nkhani zakuthambo, koma mabuku a mu laibulale yawo ndi akalekale, ndipo akasaka pa intaneti amangopeza zoombeza za mwezi umene munthu anabadwa. Funso lawo n'lakuti, ayambire pati?

Achemwali, imelo yanuyi yandiutsa mtima, chifukwa njira mukuyendayi ndinaiyendapo. Nthawi imene chidwi cha nyenyezi chinandigwira, ndinkalowa mu laibulale ngati munthu wosokera. Ndinkazungulira mashelefu onse, kutola buku lililonse lokhala ndi mwezi pachikuto, n'kubwerera ndi mutu wodzaza zosakanizika. Amene anandipulumutsa anali mayi wina woyang'anira laibulale, wosakonda kuyankhula zambiri. Ataona kuti ndikungoyendayenda, anandiuza kuti nambala zolembedwa pamsana pa mabuku zija si zokongoletsera. M'dongosolo la Dewey losanjira mabuku m'malaibulale, sayansi ya zakuthambo imakhala pa 520, ndipo mabuku ofotokoza dzuwa, mwezi, mapulaneti ndi nyenyezi chimodzichimodzi amakhala pa 523. Zoombeza zija zili kwawo ku 133.5, kutali ndithu. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuyang'ana zikuto.

Chachiwiri chimene anandiphunzitsa n'chimene ndikufuna muchigwiritsitse: musanawerenge tsamba loyamba, onani chaka chimene bukulo linasindikizidwa. Buku lakale si lotaya ayi. Malamulo a Kepler a kayendedwe ka mapulaneti, amene anatuluka mu 1609 ndi 1619, sanasinthe, ndipo buku la m'ma 1970 lingawafotokoze bwino kuposa ena atsopano odzaza zithunzi. Zimene zimakalamba ndi ziwerengero ndi mayina. Buku lotuluka chisanafike chaka cha 2006 likuuzani kuti mapulaneti alipo 9, chifukwa m'chaka chimenecho ndi m'mene bungwe la International Astronomical Union, pamsonkhano wa ku Prague, linachotsa Pluto pagulu la mapulaneti akuluakulu. Buku lotuluka chisanafike 1995 silidziwa kuti Michel Mayor ndi Didier Queloz anapeza pulaneti lozungulira nyenyezi ya 51 Pegasi, pamene pofika 2022 mapulaneti otsimikizika a kunja kwa banja la dzuwa lathu anali atapitirira 5,000. Choncho bukulo likuphunzitseni maziko, koma nambala mukaitsimikize kwina.

Pano ndiye ndinene zimene ena sangazikonde. Mavidiyo a pa YouTube si kafukufuku. Ndimawaonera nanenso, ena ndi okoma zedi, koma munthu amatha maola ambiri akuona milalang'amba ikuwalima n'kudzuka wopanda chiganizo ngakhale chimodzi chimene angaloze kumene chinachokera. Ndipo zimandipweteka kuona wophunzira akudandaula kuti alibe poyambira, pamene akatswiri a zakuthambo anatsegula nkhokwe za kafukufuku wawo pa intaneti kalekale. Vuto lagona poti palibe amene amakulozerani khomo.

Khomo loyamba ndi Astrophysics Data System, imene ambiri amangoiti ADS. Imayendetsedwa ndi Smithsonian Astrophysical Observatory mothandizidwa ndi NASA, ndipo yakhala pa intaneti kuyambira m'ma 1990. Mukalemba dzina la nyenyezi kapena la wolemba, imakupatsani mapepala a kafukufuku, amene mapepalawo anawatchula, ndi amene anadzawatchula pambuyo pake. Chomalizachi n'chofunika kwambiri, chifukwa mumaona ngati mfundo inaima kapena inagwetsedwa.

Chimene chinandichititsa kuikonda ADS si zatsopano, ndi zakale. Tsiku lina ndinapezamo pepala la mu 1912 la ntchito ya Henrietta Leavitt, mayi amene ankagwira ntchito ku Harvard yoyeza nyenyezi pa zithunzi zojambulidwa pa magalasi. Iye anaona kuti pakati pa nyenyezi zina zimene zimawala n'kuzilala mobwerezabwereza, zowala kwambiri zimatenga nthawi yaitali kuti zimalize ulendo umodzi wotere. Mfundo imeneyi ndi imene Edwin Hubble anaigwiritsa ntchito m'ma 1920 posonyeza kuti Andromeda ndi mlalang'amba wapadera, osati kachigawo ka wathuwu. Pepalalo n'lalifupi, la nyenyezi 25 zokha, ndipo amene anasaina pansi ndi bwana wake, Edward Pickering. Zinandiwawa. Magalasi aja alipobe ku Harvard, oposa 500,000, ndipo ambiri anawaika kale pa kompyuta. Ndasochera pang'ono, ndikudziwa, koma buku la kusukulu likadangonditchulira dzina la mayiyu m'mzere umodzi n'kupitirira.

Khomo lachiwiri ndi arXiv, imene Paul Ginsparg anaiyambitsa mu 1991. Akatswiri amaikapo mapepala awo kwaulere, nthawi zambiri magazini a sayansi asanawasindikize, ndipo gawo la zakuthambo limatchedwa astro-ph. Koma musamale: si zonse za pamenepo zimene anzawo aziunika. Onani ngati alemba kuti pepalalo lalandiridwa ndi magazini. Nkhani yabwino n'njakuti magazini a American Astronomical Society anakhala aulere kuwerenga kuyambira 2022, ndipo Monthly Notices of the Royal Astronomical Society inatsatira mu 2024. Munthu akakuuzani kuti mulipire kuti muone pepala la zakuthambo, yambani mwasaka mutu wake pa ADS.

Ndiye muchite chiyani mawa?

Musathamangire mapepala ovuta aja. Yambani ndi buku la Astronomy la OpenStax, la ku Rice University, limene mungalikopere pa foni kwaulere, ndipo muwerenge mutu wokhudza nkhani yanu yokha. Kenako pitani ku Astrobites, kumene ophunzira a digiri zapamwamba amafotokoza mapepala atsopano m'mawu osavuta. Mukafuna nambala za nyenyezi inayake, monga mtunda wake, kuwala kwake ndi mayina ake onse, funsani SIMBAD, nkhokwe ya pa intaneti ya ku Strasbourg. Za milalang'amba yakutali zili pa nkhokwe ina yotchedwa NED. Zithunzi zenizeni zojambulidwa ndi matelesikopu a mumlengalenga a Hubble ndi James Webb amazisunga pa nkhokwe ya MAST. Ikaninso pa kompyuta pulogalamu yosonyeza thambo ya Stellarium kuti muziona kumene chinthu chimene mukuwerengacho chili usiku umenewo, chifukwa kuwerenga za nyenyezi imene simunaionepo kumatopetsa msanga.

Ndipo chepetsani mutu wanu, achemwali. "Zakuthambo" si mutu wa kafukufuku. Sankhani nyenyezi imodzi, kadamsana mmodzi, kapena funso limodzi, mupite nalo kwa woyang'anira laibulale, mumufunse ngati angakubwerekereni mabuku ku malaibulale ena. Chilichonse chimene mwakopera, lembani pambali pake wolemba, chaka, ndi tsiku limene mwachipeza. Mukapeza pepala loyamba lokukomerani, nditumizireni mutu wake tione limodzi amene analitsutsa.