Bambo Mfumu sanabwere pa maliro a bambo anga: kodi amatani sabata yonse?

Kalata iyi yabwera pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Ndaifupikitsa, ndipo dzina lawo ndi la parishi ndachotsa.

"Bambo anga anatisiya mwezi wathawu kumudzi. Anali Mkatolika wolandira, mtulo sankaphonya, ndipo anakhalapo wapampando wa mphakati. Koma pa maliro awo anatsogolera mapemphero ndi akatekisiti, Bambo Mfumu sanaoneke. Mtima ukundiwawa. Kodi ansembewa amatani sabata yonse, poti Misa ndi ya Lamulungu lokha?"

Pepani ndi zovutazi, mayi. Ndiyankha zonse ziwiri, za ntchito ya wansembe ndi za malirowo, ngakhale zimene zinachitika tsikulo akudziwa ndi eni ake.

Misa si ya Lamulungu lokha. Ku likulu la parishi imachitika m'mawa uliwonse, ndipo pambali pa Misayo wansembe ali ndi mapemphero a masalimo amene analonjeza kuchita tsiku ndi tsiku pamene ankalandira udikoni. Akamwa tiyi n'kutuluka, apeza benchi la pakhonde la ofesi ladzaza kale. Uyu akufuna chikalata cha ubatizo wa zaka makumi atatu zapitazo kuti akamangitse ukwati ku tauni, ndiye pafunika kufukula mabuku akale. Awa ndi banja lomwe ankhoswe alephera kuliyanjanitsa. Kumapeto kwa benchi kuli gogo ndi mdzukulu amene wabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi. Onsewa akufuna Bambo Mfumu, osati wina.

Koma chachikulu ndi mtunda. Parishi yakumudzi si tchalitchi limodzi lija lili pafupi ndi nyumba ya ansembe. Ili ndi nthambi khumi, makumi awiri, kwina kuposa apo, ndipo ansembe kawirikawiri amakhala awiri kapena atatu. Malamulo a Mpingo, pa nambala 905, salola wansembe kungochita Misa mmene wafunira: episkopi atha kumuloleza ziwiri pa tsiku wamba, ndi zitatu Lamulungu kapena pa tsiku lalikulu. Werengani nokha. Ansembe awiri atayesetsa bwanji, Lamulungu limodzi afika matchalitchi 6 basi, ndipo apo ndiye kuti mlatho sunakokoloke. Enawo amapemphera ndi akatekisiti n'kudikira tsiku lawo. Wansembe akafika ku nthambi yotero sangochita Misa n'kubwerera. Amayamba wakhala pampando kuseri kwa tchalitchi kulapitsa anthu amene akhala akudikira mwezi wathunthu, kenako makanda obatiza, kenako amutenga wapansi kukadzoza odwala m'midzi. M'dzinja galimoto imasiyidwa pamtsinje.

Maliro nawo sapangana tsiku. M'parishi yaikulu chonchi atha kugwa awiri kapena atatu m'midzi yotalikirana, onse oika mawa lake. N'chifukwa chake ntchito yoika akhristu anzathu inagwera kwambiri m'manja mwa akatekisiti ndi miphakati, imene m'madera ena amati malimana. Sizinangochitika mwangozi. M'ma 1970 maepiskopi a chigawo chino cha Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana kuti Mpingo uzimangidwa pa magulu ang'onoang'ono a akhristu oyandikana, ndipo kuno kwathu Ambuye Patrick Kalilombe anaikankha kwambiri nkhaniyi ku Lilongwe pa sinodi ya 1973 mpaka 1975. Bambo anu, pokhala wapampando wa mphakati, ayenera kuti anaperekeza anzawo ambiri kumanda popanda wansembe, ndipo sindikhulupirira kuti ankaona ngati anthuwo aikidwa mopereŵera. Mapemphero a akatekisiti ndi a Mpingo ndithu.

Komabe sindikuuzani kuti dandaulo lanu ndi lopanda mutu. Malamulo omwewo, pa nambala 530, amatchula maliro pakati pa ntchito zimene zinaikizidwa makamaka kwa Bambo Mfumu. Pa nambala 1181 amachenjeza kuti pa maliro pasakhale tsankho, ndi kuti osauka asamanidwe mwambo woyenera. Tonse tinaonapo maliro a bwana kapena a m'bale wa wansembe, paguwa pali ansembe mzere, pamene mayi amene wasesa tchalitchi moyo wake wonse aikidwa ndi kwaya yokha. Anthu amaona, ndipo salakwa kung'ung'udza. Wansembe amene sangafike paliponse ayenera kukhala ndi ndondomeko yodziwika kwa onse, yosasintha malinga ndi galimoto zimene zaima pa siwa.

Ndinenepo za mtulo, poti mwautchula. Mtulo si malipiro a Misa ya maliro. Wansembe wa dayosizi salandira salale ku boma, ndipo ku Roma sikuchokera envulopu ya pamwezi. Kale, kuyambira pamene amishonale anafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, thandizo lambiri linkachokera kwawo kwa azunguwo, ndipo tinazolowera. Lero chakudya cha ansembe, chithandizo cha akatekisiti ndi mafuta a galimoto zimachokera ku chopereka, mtulo ndi masika athu omwe. Munthu anatha zaka ku maseminale a Kachebere ndi St Peter's ku Zomba akuphunzira za Mulungu, koma Loweruka madzulo amakhala akuwerengera ngati dizilo amene watsala akamufikitse ku nthambi n'kubwerako.

Ndiye chitani izi. Funsani kaye achibale ngati uthenga unafika ku parishi, ndiponso unafika liti. Umayenda kuchokera kwa wapampando wa mphakati, kupita kwa akatekisiti, kenako ku ofesi, ndipo nthawi zina umafika Bambo Mfumu ali kale ku nthambi ina yopanda netiweki. Ngati unafika bwino koma yankho silinabwere, mukadzapita kumudzi kakhaleni nawo pansi muwauze mmene munamvera. Mungathenso kupempha Misa yopempherera mzimu wa bambo anu ngakhale muli konko: achimwene kapena achemwali anu akalembetse ku ofesi, kapena lembetsani pa parishi imene mumapemphera ku Johannesburg. Pa 2 Novembala Mpingo umakumbukira onse omwalira, ndipo maparishi ambiri amadalitsa manda m'mwezi umenewo. Ngati mukuganiza zomanga chiliza, tsiku lake lidziwike ku ofesi miyezi ingapo lisanafike, kuti lilowe pa kalendala ya ansembe.