Ndalama zathu ndi ndarama ya Ashona: adabwereka kwa mnzake ndani?

Mayi ena a ku Mufakose mumzinda wa Harare, amene makolo awo adachokera ku Dedza, andilembera imelo sabata yathayi. Akuti mdzukulu wawo adabwera kusukulu akuseka, nkumati Achewafe tidasokoneza mawu, chifukwa chimene ife timati ndalama Ashona amati mari, pomwe ndarama kwa iwo ndi golide. Funso lawo ndi lakuti, kodi liwuli tidalitola kuno ku Zimbabwe nkulipotoza, kapena Ashona ndiwo adalitenga kwa ife?

Amayi, ine sindikuona kuti pali amene adabera mnzake. Liwuli ndi mlendo kwa tonsefe, ndipo lidafika kuchokera kugombe la kum'mawa kalekale, makolo athu asanalote nkomwe zodzagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi a kuno. Akatswiri a zinenero amalilondola mpaka ku Chiarabu, kumene ndalama imodzi yasiliva inkatchedwa dirham, zikachuluka nkukhala darahim. Yesani kutchula darahim pang'onopang'ono, mumva ndarama ikutuluka yokha. Nawo Aarabuwo adalitenga ku drachma ya Agiriki, ndalama imene dziko la Greece lidaisiya mu 2002 litayamba kugwiritsa ntchito euro, pomwe dirham ikugulabe zinthu ku Morocco ndi ku United Arab Emirates mpaka lero.

Nanga matanthauzo adasiyana bwanji? Pa nthawi imene mzinda wakale wamiyala wa Great Zimbabwe unali pachimake, golide wa dera lino ankatuluka kudzera padoko la Sofala ku Mozambique kupita m'manja mwa amalonda Achiswahili ndi Achiarabu. M'kuona kwanga, kwa anthu amene ankakumba golideyo liwulo lidakakamira pa chimene ankagulitsa, koma kwa ife lidakhazikika pa chogulira. Ndipo mari amene mdzukulu wanu akunyadirayo nayenso ndi wobwera, chifukwa adachokera ku liwu la Chiarabu loti mal, kutanthauza chuma, lomwe Aswahili amati mali ndipo Azulu amati imali.

Mawu oterewa amayenda ndi katundu, ndipo ukawamvetsera bwino amaulula njira imene katunduyo adadzera. Tsiku lina m'mawa ndili pamsika wa Mbare Musika ku Harare kudikira basi, ndidaitanitsa tiyi kwa mayi wina wogulitsa, iye nkufuulira mtsikana wake kuti abweretse tii ndi shuga, ndipo panalibe chofunika kumasulira pakati pathu. Tiyi ameneyu kwawo ndi ku China. Anthu a m'mbali mwa nyanja ku Fujian amati te, ndipo Adatchi, amene ankanyamula masambawo pazombo m'zaka za m'ma 1600, adalifalitsa ku Ulaya, Angelezi nkudzatifikitsira ife. Madera ena a China amati cha, ndipo liwu ili lidayenda kwambiri pamtunda kudzera ku Persia, nchifukwa chake ku India, ku Russia ngakhale ku Dar es Salaam mumamva chai. Apwitikizi okha ndiwo adapatuka pa anzawo a kumadzulo kwa Ulaya, poti ankachita malonda padoko la Macau kumwera kwa China, choncho ku Tete ndi ku Beira amati chá. Shuga naye adayambira ku India monga sharkara, Aarabu nkumutcha sukkar, Aswahili sukari.

Chimene chimandisangalatsa ine kwambiri ndi momwe timawavekera alendowa zovala zathu. Liwu la Chingelezi loti hospital lidalowa m'kamwa mwathu nkutuluka chipatala, kwa Ashona chipatara, ndipo popeza lidayamba ndi chi, tidaliika m'gulu limodzi ndi chimanga ndi chitseko, zikachuluka nkumati zipatala. Liwu likafika pamenepo ndiye kuti lakhazikika pamudzi, monga momwe nsapato ndi kalata zidakhazikikira, ngakhale zidachokera ku sapato ndi carta za Chipwitikizi.

Mdzukulu wanuyo akadzayambanso kuseka, mudzamufunse za chikoro chimene amapitako m'mawa uliwonse. Chikoro chake, sukulu yathu ndi shule ya Aswahili, imene iwo adaitenga kwa Ajeremani, zonse zidachokera ku liwu la Chigiriki loti schole, limene poyamba linkatanthauza nthawi yopuma pa ntchito.