Kodi timbalame ta m'bango timabwerera chisanu chikatipulula?

Mayi wina wokhala ku Lancaster, ku England, wandilembera kuti amakonda kukaona timbalame ta m'bango totchedwa bearded tit kumalo osungira mbalame a Leighton Moss. Amva kuti chisanu chikanyanya timafa tambiri, ndiye akufunsa ngati timachulukanso.

Timachulukanso ndithu, mayi, ndipo mwamsanga. Chisanu cha 1947 chitadutsa, ku Britain konse kunangotsala mabanja owerengeka pa zala, m'madambo a ku Suffolk ndi Norfolk. Lero alipo mazanamazana.

Chimene chimatipha kwenikweni ndi njala. Mbalame zambiri zodya tizilombo zimathawira kumayiko otentha, koma iti timakhala pompo. Nyengo yozizira ikayandikira timasiya tizilombo n'kuyamba kudya njere za bango, ndipo timameza timiyala toti tizipera njerezo m'nthutumba, monga imachitira nkhuku. N'chifukwa chake ku Leighton Moss amaika timatebulo ta timiyala, ndipo m'mawa wa mu Okutobala ndi pamene mungatione bwino. Tsono chipale chofewa chikakwirira njere zogwera pansi, kapena madzi akaundana pa ngala za bango masiku angapo, chakudya chimakhalapo koma chosafikirika. Kambalame kakang'ono chotero sikapirira njala nthawi yaitali.

Totsalato ndi timene timagwira ntchito yaikulu. Timayamba kumanga zisa molawirira, mwina Marichi asanathe. Kakakazi kamaikira mazira 5 kapena 6, makolo onse awiri amasinthana kufungatira, ndipo pasanathe milungu iwiri aswa. Ana akangotuluka m'chisa, makolo ayambanso. Banja limodzi likhoza kuswa katatu pa chaka. Tikachulukitsa, magulu ena amanyamuka kukasaka madambo atsopano. M'zaka za m'ma 1960 tina tinkawoloka nyanja kuchokera ku Netherlands.

Ine chisanu sichindidetsa nkhawa ngati kuuma kwa madambo. Taonani bittern, mbalame yaikulu ya mtundu wa akakowa yokhala m'bango momwemo. Mu 1997 ku Britain kunatsala zazimuna 11 zokha zomveka kulira, makamaka chifukwa madambo ankauma ndipo mitengo inkalanda malo a bango. Kuswana pakokha sikukanaipulumutsa. Zinatengera a RSPB, bungwe loteteza mbalame ku Britain, ndi anzawo kukumba, kubwezera madzi ndi kudzala bango latsopano, monga ku Lakenheath Fen kumene kale kunali minda ya kaloti, kuti zazimunazo zipitirire 200.