Ambassadeur yanga anaipha ndi girizi wa galimoto

Achimwene, chithunzi chanu cha Ambassadeur 5000 yofiira ija, reel yokulungira ulusi wa mbedza, chandidzutsira chilonda. Ulusi ukukusokonekerani poponya paliponse? Musathamangire kwa amisiri, ndapota nanu, imvani zanga kaye.

Yanga inali ya malemu amalume, anabwera nayo kuchokera ku Joni pamodzi ndi ndodo yake ya fibreglass, yolemera ngati mpini wa khasu. Pansi pa reel imeneyi analembapo Sweden, zija ankapanga ku Svängsta kuyambira m'ma 1950. Itayamba kulira poponya ndinapita nayo pamsika kwa mkulu wina wokonza mawotchi ndi mawailesi. Anailandira ngati anabadwa nayo, akuti zoterezi wakonzapo zambirimbiri. Masiku atatu ndinakaitenga ikunyezimira, ndinalipira ndikuthokoza ndi manja awiri. Uchitsiru wanga.

Loweruka lake ndinatsika Thabwa mbandakucha, ulendo wa ku Chikwawa kukasaka mcheni mu Shire. Ndafika dzuwa lisanapse, madzi akuwira, mcheni ukuthamangitsa tinsomba pafupi penipeni, mwina mamita 20 okha. Ndinamanga supuni yanga yasiliva, nyambo yachitsulo ija, ndi kawaya kake, pajatu mano a mcheni amadula ulusi ngati lezala. Ndadina batani lomasula ulusi, ndakoka mkono, fwaa! Supuni yangouluka pang'ono n'kuima m'malere ngati yagunda khoma, thwaa, ulusi waduka, supuni uko yapita yokha pakati pa mtsinje pomwe ng'ona zimasuzumira. Kuyang'ana m'manja, mu reel muli chisa cha mpheta, ulusi watukumuka mpaka kutulukira m'mbali. Ndinakhala pansi pamatope kuyamba kutokosa ndi munga. Thukuta likulowa m'maso, udzudzu uli pa akakolo, nsomba zikudumphabe patsogolo panga ngati zikundinena. Tianyamata tiwiri tinali poteropo ndi nsungwi zawo, tavuula kale milamba inayi, kenaka kamodzi n'kufunsa mwaulemu wake, "Bambo, makina anuwo agwira zingati?" Ndinasolola mpeni, ndinadula ulusi wonse watsopano, ola lathunthu litapita. Ndinabwerera wopanda ngakhale mamba.

Usiku ndinaitsegula ndekha. Abale! Munthu uja anadzaza girizi wa galimoto paliponse, m'magiya, pa kachitsulo kozungulira koyendetsa choyalira ulusi chija, ngakhale pansonga za spool, kachigubu kokulungapo ulusi kaja. Pa Ambassadeur zakalezi choyaliracho chimayenda uku ndi uku ngakhale pamene mukuponya, ndiye girizi wolimba akachigwira chimakakamira. Koma chomwe chinandiwawa mpaka lero ndi mabuleki. Kumapeto kwa spool kuli timapini tiwiri, pa kalikonse pamakhala kanthu kakang'ono ngati kambewu ka mpunga. Spool ikathamanga timakankhikira kunja n'kumakhula mkombero, ndi tomwe timaletsa kuti isathamange kuposa nyambo. Tonse tiwiri kulibe. Nditamubwerera anandiyankha osachita ndi manyazi omwe, akuti anaona ngati ndi zinyalala ndiye anapemerera pansi. Zinyalala! Zinthu zakhala m'menemo zaka zoposa zake. Ndalama yanga sanabweze, m'malo mwake amafuna ndimuonjezere ya girizi.

Ndiye inu tsegulani nokha, masikuluu a m'mbali aja amamasuka ndi zala. Muone ngati timabuleki tilipo, ndipo tikhale touma, mafuta asatikhudze. Girizi wakale tsukani ndi palafini, pansonga za spool dontho limodzi la mafuta a makina osokera basi. Koma yalani nsalu yoyera pansi, ine pomasula ndinataya kadzino kakang'ono ka choyalira ulusi, ndinakasaka masiku awiri mpaka mayi a kunyumba anakapeza posesa. Ngati manja anu ndi onjenjemera ngati anga, mwina ndi bwino kungopeza munthu wodziwa akuchitireni.

Mabuleki ndinadula ku kachubu ka inki ka bolopeni, tikugwira ntchito mpaka pano. Komanso ndisamunamizire zonse mkulu uja, chala changa chachikulu tsiku limenelo chinali m'malere, ndipo ndinaponya mwaukali moyang'anizana ndi mphepo. Ndodo za fibreglass sizifuna nkhanza, mumaikoka mofatsa ipinde yokha. Mangani kachitsekerero ka m'mbali kothinira spool mpaka nyambo izitsika pang'onopang'ono mukadina batani, ikagunda pansi spool iime. Nyambo isachepere magalamu 14, topepuka tija sizingatheke. Ulusi ikani wa nayiloni wamba, braid, ulusi woluka uja, imadzilowerera yokha mu spool komanso imadya mphete za ndodo zakalezi. Yesererani pabwalo la mpira kaye, chala chili pa spool nyambo isanagwe.

Mukaona kuti yakukanikani mundiuze ku inbox, ndikhoza kuigula, ndikufuna spool ina yapadera.