Akuti akayambe wasiya mowa, kenako amuthandiza

Kalata yanu ndinaiwerenga usiku ndipo tulo tinathera pomwepo. Mukuti mng'ono wanu amamenyedwa ndi mwamuna wake, nayenso anayamba kumwa, ndipo kunyumba yosungirako amayi othawa nkhanza anamubweza kuti akayambe wasiya mowa. Mukufunsa kuti mulowere kuti.

Achemwali, nkhani mwalembayi ndi ya mayi anga.

Bambo anga ankamwa. Anafe tinkadziwira pa kagogodedwe ka chitseko kuti lero kugoneka kapena ayi. Aliyense ankati vuto ndi mowa, akakhala kuti sanamwe ndi munthu wabwinobwino. Inenso ndinkakhulupirira zomwezo mpaka chaka chimene anasiya. Anasiyadi, miyezi 8 osalawa ngakhale dontho. Zibakera zinachepa, koma malipiro a mayi ankalandabe, foni ankaifufuzabe, kwa abale ankawaletsabe. Tsiku lina anawakanyanga pakhosi m'maso muli gwa. Ndipamene ndinadzifunsa kuti, zaka zonsezi ataledzera, bwanji sanamenyepo abwana awo kapena anzawo akumowa? Ankasankha womumenya.

Panthawiyo n'kuti mayi atayamba kale kumwa mobisa kuti apeze tulo. Tsiku limene analimba mtima kukadandaula, wowalandira anangomva fungo, n'kuika cholembera pansi. Ndinali pambali pawo, ndinaona ndi maso angawa. Kuyambira pamenepo mabala awo sanawerengedwenso. Atapita kothandiza anthu kusiya mowa, anauzidwa kuti n'kovuta kuchira akukhala m'nyumba yachiwawa, akayambe akonza zakunyumba. Uku akuti pitani uko, uko akuti bwererani uku. Anabwerera kwa bambo.

Ndinadzamvetsa mochedwa kuti magulu awiriwa, othandiza za mowa ndi othandiza za nkhanza, anakula mosiyana. Alcoholics Anonymous, ya anthu othandizana kusiya mowa, inayamba mu 1935 ku Akron, Ohio, m'dziko la America, ndipo imaona uchidakwa ngati matenda. Al-Anon, ya abale a zidakwa, inatsatira mu 1951. Nyumba yotchuka yothawirako amayi ya ku Chiswick, London, inatsegulidwa mu 1971, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 olimbana ndi nkhanza a ku Duluth, Minnesota, ku America, anayamba kuphunzitsa kuti nkhanza za m'banja n'zofuna kulamulira mnzako. Wina akuona wodwala, wina akuona wolamulira, ndipo aliyense anaphunzira mbali yake yokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mowa umachulukitsa nkhanza ndi kukulitsa mabala, ndipo sinditsutsa. Koma kuchulukitsa n'kwina, kuyambitsa n'kwina.

Ndikudziwa kuti m'nyumba zothawirakozo mumakhala ana, antchito ndi ochepa, ndipo munthu woledzera akhoza kusokoneza ena. Ndikumva. Komabe kubweza mayi womenyedwa chifukwa cha fungo n'kulakwa, ndipo sindibweza mawu amenewa. Chimandipweteka kwambiri n'chakuti mwamuna akamwa timamuchepetsera mlandu, mkazi akamwa timamuwonjezera. Ozunza amazidziwa izi. Ena amachita kumugulira mkaziyo mowa, ena amamuletsa kupita kuchipatala, kenako n'kumuopseza kuti palibe angakhulupirire chidakwa, ndipo ana adzamulanda. Bambo anga ankanena mawu omwewo, ali phee, akumwa madzi.

Ndiye muchite chiyani?

Musamukakamize kusiya mowa lero lomwe. Ngati thupi lake linauzolowera, kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kunjenjemera, kukomoka ndi kubalalika mutu, makamaka m'masiku 2 kapena 3 oyambirira, ndipo kukhoza kupha. Zimenezo zimafuna dokotala. Bwererani naye kwa amene anamubwezawo, muwapemphe kuti ngakhale bedi asamupatse, aunike kuopsa kumene alimo ndipo amupatse munthu womuyendera. Ngati anakanyangidwapo pakhosi kapena kuopsezedwa kuti aphedwa, nenani zimenezo poyambirira penipeni. Pemphani kuti wothandiza za nkhanza ndi wothandiza za mowa azilankhulana, iye atavomereza. Uphungu wokhazika awiriwo pamodzi muukane, chifukwa zimene anganene pamaso pa mwamunayo akazilipira kunyumba. Ziphaso zake, mapepala a ana ndi zithunzi za mabala zisungeni kwanu. Nthawi yochoka ndi imene imaopsa kwambiri, choncho mwamunayo asadziwe tsiku, ndipo foni yanu izikhala yoyatsa usiku wonse.