Mzinga ndi ngwazi yokwera chinjoka: mafunso anu pa nkhondo za pa tebulo

Makalata a mwezi uno achokera kwa osewera nkhondo za tizidole pa tebulo, ndipo ambiri akuzungulira pa mkangano wa ngwazi yokwera pahatchi kapena pachinjoka ndi mizinga yomwe imaisaka. Ziwerengero zomwe tagwiritsa ntchito ndi za masewero a Warhammer a kampani ya Games Workshop, makamaka malamulo a mu 2010, popeza ndi omwe ofunsa ambiri atchula.

FUNSO: Akonzi, ngwazi yokwera chinjoka imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mapointi ogulira gulu lonse lankhondo, koma ikangokumana ndi mizinga iwiri siiona raundi yachitatu. Anzathu ena akuti tikweze mapointi a mzinga. Kodi vuto lagona pamenepo?

YANKHO: Musanakhudze mapointi, khalani pansi ndi cholembera muwerenge zomwe chipolopolo chimodzi chimachita. Mzinga umaombera motere. Mumasankha malo pa tebulo, n'kuponya dayisi la mizinga lomwe nkhope zake ndi 2, 4, 6, 8, 10 ndi Misfire. Nambala yomwe yatuluka ndi mainchesi omwe chipolopolo chapitirira malo mwasankhawo chisanagwe pansi. Mumaponyanso dayisi lomwelo kuti mudziwe mtunda womwe chanjanja chitagwa, ndipo chilichonse chomwe chili pa mzere umenewu chagundidwa. Misfire ikatuluka koyamba, mzinga sunaombe. Ikatuluka kachiwiri, chipolopolo chatitimira pomwe chagwerapo.

Kale osewera ankachita kuyerekeza mtunda ndi maso. Malamulo a mu 2010 analola kuyeza ndi tepi nthawi iliyonse, choncho wosewera wochenjera amangoloza mainchesi 10 kuchokera kumbuyo kwa kathabwa komwe chinjoka chaimapo. Akatero chipolopolo sichingachilumphe chinjokacho, chingangoperewera. Madayisi awiri amagwa m'njira 36. Ngati kathabwa n'kotalika mamilimita 100, njira 24 zimagunda. Ngati n'ka mamilimita 150, zimagunda 27. Ka hatchi, ka mamilimita 50, kamagundidwa m'njira 20 zokha. Kukula kwa kathabwa pakokha ndi chilango kale, ngakhale palibe buku lomwe limalemba choncho.

Chikagunda, chipolopolo cha mphamvu 10 chimavulaza dayisi wamba likagwa pa 2 kapena kuposerapo, ndiye kuti kasanu pa kasanu ndi kamodzi, ndipo zovala zachitsulo sizithandiza kanthu. Kenaka mumaponya dayisi wamba kuti mudziwe mabala, kuyambira 1 mpaka 6. Chinjoka chomwe chimafa ndi mabala 6 pa kathabwa ka mamilimita 100 chimataya pafupifupi mabala awiri pa kuomba kulikonse mukaphatikiza zoombera zonse, zogunda ndi zophonya zomwe. Mizinga iwiri pa maraundi awiri ndi zipolopolo zinayi, mabala pafupifupi 8. Ndi chifukwa chake raundi yachitatu simuiona.

Kukweza mapointi a mzinga sikusintha chilichonse pa masamu amenewa. Mnzanu adzangosiya asilikali asanu kapena khumi m'bokosi n'kubwera ndi mizinga iwiri yomweyo, ndipo tsiku lokumana ndi gulu lopanda chinjoka adzakhala walipira zambiri pa chida chomwe chimangopha asilikali atatu kapena anayi pa mzere. Chofunika kukonza ndi dayisi la mabala. Yesani mabala a 1 mpaka 3 m'malo mwa 1 mpaka 6. Chipolopolo chimodzi sichingathenso kugwetsa chinjoka chathunthu. Zipolopolo ziwiri zogunda bwino zimachipha kamodzi pa kasanu ndi kanayi, pomwe ndi dayisi lakale lija zinkachipha m'njira 26 pa 36. Mukaona kuti mwatsitsa kwambiri, onjezerani bala limodzi pamwamba pake kuti akhale 2 mpaka 4. Mzinga udzakhala woopsabe, koma mwini chinjoka adzakhala ndi mpata woona kuti chavulala n'kusankha kuchibisa kapena kuchiponya m'nkhondo.

FUNSO: Chipolopolo chikagunda chinjoka chokweredwa, chimavulaza ndani, wokwera kapena chinjokacho?

YANKHO: M'malamulo a mu 2010 chimagunda onse awiri, aliyense payekha, ndipo apa ndi pomwe ambiri amadandaulira. Tengani wokwera wa mabala 3 amene ali ndi chithumwa chomupulumutsa pa 4 kapena kuposerapo. Mwayi woti afe ndi chipolopolo chimodzi ndi pafupifupi 18 pa 100, kuwirikiza kawiri mwayi woti chinjokacho chife, womwe ndi 9 pa 100. Pa zipolopolo zinayi, wokwerayo amafa koposa theka la nthawi. Ngati iyeyo ndiyenso mkulu wa gulu lonse lankhondo, magulu ozungulira amataya utsogoleri wake pomwepo.

Njira zokonzera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuponya dayisi kuti chigunde mmodzi yekha, mwachitsanzo 1 mpaka 4 chinjoka, 5 kapena 6 wokwera. N'chosavuta ndipo sichisintha ziwerengero za aliyense. Yachiwiri ndi kuwaphatikiza kuti akhale chinthu chimodzi cha mabala ophatikizana, monga momwe Warhammer: The Old World ya mu 2024 inachitira. Njira imeneyi ndi yaukhondo, simuvutikanso ndi funso la zomwe chinjoka chichite mbuye wake akafa. Koma chenjerani ndi msampha wake. Chithumwa chomwe chinapatsidwa mapointi poganizira munthu wa mabala 3 tsopano chikuteteza chilombo cha mabala 8 kapena 9 chomwe khungu lake n'lolimba kale. Mukaphatikiza, ikani malire pa chithumwa, chisapulumutse pa nambala yochepera 5, kapena chikwere mtengo chikavalidwa ndi wokwera chilombo. Ndipo musachite zonse ziwiri tsiku limodzi, kuphatikiza mabala ndi kutsitsa dayisi la mzinga. Mukatero mwamasula chinjoka chomwe palibe angachigwire.

FUNSO: Ife vuto lathu ndi lina. Ngwazi ya pahatchi wamba, yovala chitsulo thupi lonse, imayenda yokha n'kumasesa chilichonse. Mizinga imaiphonya, asilikali saikanda n'komwe. Tichite bwanji?

YANKHO: Masamu ake akukuvomerezani. Chovala chachitsulo chathunthu chimapulumutsa pa 4. Chishango chimatsitsa nambalayo kufika pa 3, kukwera hatchi pa 2, chovala cha hatchi pa 1. Dayisi likagwa pa 1 limalepherabe, choncho bala limalowa kamodzi pa kasanu ndi kamodzi. Msilikali wamba wa mphamvu 3 amamenya pa 4, amavulaza ngwazi ya kulimba 4 pa 5, kenaka adutse chitsulo chija, adutsenso chithumwa cha 4. Mukachulukitsa zonsezi mupeza bala limodzi pa zikwapu 72. Popeza omwe angaifikire ngwaziyo ndi okhawo okhudzana ndi kathabwa kake ndi omwe ali kumbuyo kwawo, mwina asanu ndi mmodzi, masewero atha bala loyamba lisanaoneke. Ichi si chachilendo. Malamulo a mu 1996 osewera anawapatsa dzina lachipongwe loti Herohammer chifukwa cha ngwazi zoterezi.

Komabe musathamangire kusintha lamulo, chifukwa ngwazi yotere sikuti iyenera kufa kuti igonje. Gulu la asilikali oyenda pansi la mizere yokwanira limayamba nkhondo lili kale ndi mapointi oweruzira wopambana pa ndewuyo, atatu a mizere ndi imodzi ya mbendera. Ngwazi ya zikwapu zinayi iyenera kupha pafupifupi ndi chikwapu chilichonse kuti ingofanana nalo, ndipo ngakhale ipambane, gulu la mizere yambiri kuposa mdani limayesedwa mtima ndi madayisi, kuti zioneke ngati lithawe, popanda kuchotseredwa kanthu. Ndiye kuti gulu lotsika mtengo la asilikali 30 kapena 40 likhoza kuikola ngwaziyo ngati ulimbo mpaka masewero kutha. Imakhala yoopsa pamene osewera onse abweretsa timagulu ting'onoting'ono tokhatokha.

Ngati mwayesa zimenezi koma sizikuphula kanthu, ikani malire pa kuunjika chitetezo: amene ali ndi chithumwa, chitsulo chake chisapulumutse pa nambala yochepera 3, ndipo chithumwacho chikhale cha 5. Bala limodzi lidzalowa pa zikwapu 27. Kungotsitsa chitsulo kuchoka pa 1 kufika pa 2 n'kutaya nthawi, chifukwa kwa msilikali wa mphamvu 3 ziwirizi n'chimodzimodzi.

FUNSO: Kodi ngwazi ya pahatchi ingabisale m'gulu la oyenda pansi kuti mzinga usaione?

YANKHO: Kulowa ingalowe, koma kubisala ayi. Lamulo la Look Out Sir limapulumutsa ngwazi pa 2 kapena kuposerapo ikakhala m'gulu la asilikali wamba osachepera asanu a mtundu wake womwewo, chipolopolo n'kugwera msilikali wina. Ikakhala yokha koma pafupi, mainchesi atatu kuchokera ku gulu lotero, imapulumuka pa 4. Wapahatchi pakati pa oyenda pansi amaonekera ngati mlongoti, choncho sapeza chitetezochi. Lamuloli lisiyeni momwe lilili. Ndi mtengo womwe ngwazi imalipira pa liwiro ndi chitsulo choonjezera chomwe hatchi imaipatsa. Mukalifewetsa, palibenso amene adzayendetse ngwazi yake wapansi.

FUNSO: Eni mizinga nawonso akudandaula kuti ikuponderezedwa. Kodi tingoika malire a chiwerengero chake basi?

YANKHO: Dandaulo lawo lili ndi mutu. Mzinga umadzipha wokha. Misfire imatuluka kamodzi pa kasanu ndi kamodzi, ndipo ikatuluka, 1 kapena 2 pa dayisi lotsatira ndiye kuti mzinga waphulika, pomwe nambala zinazo zimaulepheretsa kuomba raundi imodzi kapena ziwiri. Mzinga woomba maraundi onse 6 uli ndi mwayi wa pafupifupi 29 pa 100 wodziwononga mdani asanaukhudze. Nthawi yakenso ndi yochepa. Magulu amayamba atatalikirana mainchesi 24, chinjoka chimauluka mainchesi 20 pa raundi imodzi, ndipo pa raundi yachiwiri chili kale pakhosi pa anthu atatu oombetsa mzinga aja. Mwini mzinga akakhala woyamba kusewera amaomba kawiri, akakhala wachiwiri mwina kamodzi kokha. Dayisi losankha woyamba limalemera kwambiri pa nkhondo ya mizinga ndi chinjoka kuposa pa nkhondo ina iliyonse.

Za malire, malamulo a mu 2010 amalola zinthu zofanana zitatu pa magulu omwe buku limawatcha apadera ndi ziwiri pa omwe limawatcha osowa ngati nkhondo ili yochepera mapointi 3000. Chomwe chimasokoneza n'chakuti mtundu wina wa asilikali uli ndi mizinga ya mayina osiyanasiyana, ndiye munthu amatenga itatu uku, iwiri uko, lamulo osaliphwanya. Werengani zida zonse zoomba mabala ambiri ngati banja limodzi, n'kuloleza chimodzi pa mapointi 1000 alionse, kapena chimodzi pa 750 kwa mitundu yomwe ilibe njira ina yogwetsera zilombo. Mulingo womwewo ugwirenso zilombo zouluka, apo ayi mwamanga mbali imodzi yokha.

Koma chinthu chotsika mtengo koposa n'kukonza tebulo. Pa tebulo la mainchesi 72 ndi 48 ikani zinthu ziwiri kapena zitatu zotalika mokwanira kubisa chinjoka chathunthu, mapiko ndi zonse, monga nsanja kapena thanthwe lalikulu, ndipo chimodzi chikhale chapakati. Tinyumba tofika m'chiuno mwa chinjoka n'tokongoletsa chabe, popeza malamulowa amati chomwe diso la kachidole likuona chikhoza kuomberedwa. Mapiri asakhale m'malo oyambira mbali zonse ziwiri nthawi zonse, chifukwa mzinga wokhala pamwamba pa phiri umaona tebulo lonse kuyambira raundi yoyamba.

FUNSO: Tikasintha lamulo, tidziwa bwanji kuti zayenda bwino? Masewero aliwonse amatha mosiyana.

YANKHO: Musaweruze ndi amene wapambana, chifukwa madayisi amanama pa masewero amodzi kapena awiri. Konzani magulu awiri osasintha, lina la chinjoka, lina la mizinga, pa tebulo lomwelo. Sewerani kanayi pa lamulo lililonse: wosewera aliyense agwire gulu lililonse, kamodzi ali woyamba, kamodzi ali wachiwiri. Lembani zinthu zitatu zokha, raundi yomwe ngwazi inafa kapena kulowa m'nkhondo koyamba, mapointi a zomwe inapha, ndi raundi yomwe mzinga womaliza unaleka kuomba. Ngati ngwazi ikufa isanamenye aliyense katatu pa kanayi, mzinga ukadali wolemera. Ngati ikufika kumapeto ilibe bala pomwe yapha zoposa mtengo wake kawiri, mwapitirira muyeso, bwererani sitepe imodzi. Ngati mwini chinjoka akuchibisa kuseri kwa thanthwe mpaka raundi yachinayi, lembaninso zimenezo, chifukwa mizingayo yagwira ntchito yake ngakhale sinaphe kanthu. Sinthani chinthu chimodzi, sewerani kanayi kena, ndipo mapointi muwakhudze pomalizira, pang'onopang'ono, osapitirira 10 pa 100 pa ulendo umodzi.