Nyerere zinadziwa ine ndisanadziwe

Imelo yako ndinaiwerenga Lachiwiri usiku, mpaka nsima inandizizirira m'mbale. Ukuti uli ndi zaka 24, anakubaya chala tsiku limene azaumoyo anabwera kudzayeza anthu ulere kutchalitchi kwanu, makina oyezera shuga m'magazi anaonetsa 243, anesi anakuuza kuti upite kuchipatala m'mawa usanadye kanthu, ndipo patha masabata atatu usanapite. Ukufunsa ngati mwina inali Fanta imene unamwa potuluka m'mapemphero, komanso ngati chibwenzi chako uchiuze. Undilole ndizikutchula kuti iwe. Uli msinkhu wa chitsirizira wa kwathu, ndipo zimene ndikufuna kunenazi sizingatuluke bwino ndi "inu".

Iwe wakhala masabata atatu. Ine ndinakhala miyezi isanu.

Ndinali ndi zaka 26, ndikugulitsa nsalu m'shopu ina ku Limbe, ndikuchita lendi kachipinda ku Chilobwe. Zinayamba ndi ludzu. Sindikunena ludzu la mu Okutobala limene aliyense amalidziwa ayi. Ili linali loti wamaliza chigubu cha malita awiri, pasanathe ndi mphindi khumi zomwe lilime lauma ngati chikopa. Usiku ndinkadzuka kanayi, kasanu, ndipo poti chimbudzi chinali chapanja, cha mabanja asanu ndi limodzi, ndinayamba kusunga kachidebe kuseri kwa chitseko. Mu minibasi ndinkalimbirana mpando wa pakhomo. Tsiku lina ndinatsika pakati pa ulendo, ndalama nditalipira kale, n'kukagogoda panyumba ya anthu osawadziwa kupempha kuti ndidzithandize. Mayi wa panyumbapo anandiloza ndi mlomo, osanena kanthu.

Nthawi yomweyo msuweni wanga ankakonzekera ukwati, ine ndili m'gulu la operekeza mkwatibwi. Diresi langa telala analibweza kawiri. Kachitatu anachotsa tepi m'khosi, kundiyang'ana, n'kuti, "Achemwali, koma mukumadya?" Kudya ndinkadya, mitanda itatu osatsala, ndi mandasi pambuyo pake. Thupi lokha ndiye linkangothera m'zovala.

Ndiye ukudziwa mmene tilili kwathu kuno. Mtsikana wokhala yekha m'tauni akaonda mwadzidzidzi, palibe amene amaganiza za shuga. Ndikafika pampopi nkhani zinkaduka. Mayi ena a pamalopo anayamba kundilankhula mofatsa kwambiri, mwachisoni ngati pamaliro. Nanenso ndinakhulupirira. Ndinakayezetsa magazi katatu, malo atatu osiyana, ndipo konseko anati ndilibe kachilombo. Ulendo wachitatu ndinatuluka ndikulira, aphungu aja n'kumadabwa kuti uthenga wabwino ukundiliza bwanji. Chinkandiliza n'chakuti mnzanga wa pashopu yoyandikana nafe, amene anali pa ma ARV, anali wonenepa, woseka, wodziwa dzina la vuto lake ndi tsiku lokatenga mankhwala. Ine ndinali kufota ndi chinthu chopanda dzina. Pa nkhani ya HIV dziko lino linaphunzira, tinamva pawailesi, m'masukulu, m'matchalitchi, mpaka kuyezetsa kunasanduka chizolowezi. Za shuga tikanali mumdima, ndipo zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Woyamba kunditchulira anali kasitomala, mayi wachikulire amene anati anapuma pa ntchito ya unamwino. Anandiona ndikumwa madzi kawiri pamene ndinkamudulira mamita anayi a chitenje. Anandigwira dzanja, nati, "Mwana wanga, ukayezetse shuga." Ndinaseka. Shuga kwa ine anali matenda a mabwana a mimba zazikulu, oyenda pa galimoto, kapena a nkhalamba. Komanso pansi pa kusekako panali mantha, chifukwa amalume anga ku Ntcheu anadulidwa mwendo ndi matenda omwewa, chilonda chitayambira pa chala chimene anapunthwa ku munda. Ndinaganiza kuti ndikapanda kumva, ndiye kuti palibe. Kuyambira tsiku limenelo ndi pamene ndimawerengera miyezi isanu ija. Pakadafunda padajiwitsa galu, akuluakulu ananena kale, koma ine pakafunda kanga ndinali nditakhazikikapo.

M'kati mwa miyezi imeneyi ndinapita kawiri pa kachipatala kena kolipira, ndipo kawiri konse ndinabwerako ndi mankhwala a malungo. Sindiwada kwambiri, poti nanenso za ludzu ndi mkodzo sindinawauze. Ndinangoti thupi likuphwanya. Manyazi.

Amene anadziwa zoona zinali nyerere. M'mawa wina ndinachedwa kutaya kachidebe kaja, ndipo kamwana ka aneba kanasuzumira n'kufuula bwalo lonse kumva, "Anti, nyerere zadzaza m'chidebe chanu!" Zinali zitapanga mzere kuchokera pazenera. Pambuyo pake ndinadzamva kuti asing'anga akale a ku India ankazindikirira matendawa pomwepo, poona nyerere zikuthamangira mkodzo wa wodwala. Chimachitika n'chakuti shuga akachuluka m'magazi kupitirira pafupifupi 180 pa makina ngati amene anakuyezera, impso zimalephera kumusunga, zimamutayira mu mkodzo, ndipo potuluka amakoka madzi ambiri. Kukodzakodza kuja ndi kumeneko, ludzu lija ndi lomwelo. Chakudya chimene ndinkadya chinkathera m'chidebe, maselo a m'thupi ali ndi njala.

Mapeto ake ndinayamba kusanza Lachisanu, m'mimba mukupota. Loweruka ndinali kupuma mofulumira ngati ndathamanga, ndipo mng'ono wanga akuti m'kamwa mwanga munkatuluka fungo la zipatso zopsa kwambiri. Za ulendo wa kuchipatala chachikulu sindikumbukapo kanthu. Ndinadzidzimuka ndili ndi madiripi, amayi atakhala pansi pafupi ndi bedi atafunda chitenje kumutu. Adokotala anandifotokozera mwachifatse kuti kapamba, kachiwalo kokhala kuseri kwa chifu, kanasiya kupanga insulini, imene imatsegulira shuga njira yolowera m'maselo. Thupi litasowa pogwira linayamba kuwotcha mafuta, ndipo zotsalira zake zinasandutsa magazi kukhala owawasa. Anati ndikanachedwa tsiku lina limodzi, bwenzi tikukamba zina. Uwu ndi mtundu woyamba wa shuga, umene anthu amati ndi wa ana, koma umagwiranso akuluakulu ngati mmene unandigwirira ine. Kuchokera tsiku limenelo ndimadzibaya jakisoni tsiku lililonse, ndipo chaka chino ndakwanitsa zaka 35.

Pano ndiime kaye, ndinene za anthu amene adzakupeza ukangotulutsa mawu oti shuga, chifukwa adzabwera ndithu. Adzabwera azakhali ndi masamba a nimu. Adzabwera wina ndi ufa wa cham'mwamba m'kabotolo. M'basi mudzakwera bambo wa tayi ndi chikwama, wogulitsa mankhwala amodzi ochiza shuga, BP, mauka ndi kusabereka. Masamba a cham'mwamba ndi ndiwo zabwino, ndimadya, koma insulini mulibemo. Ine azakhali anga ananditengera kwa mneneri wina amene anandiuza kuti nditaye majakisoni pa guwa ngati chizindikiro cha chikhulupiriro. Ndinawasiya masiku awiri, lachitatu ndinali pa bedi lomwe lija. Kale ndinkati aliyense ali ndi chikhulupiriro chake, tisaweruzane. Pano ndinasiya ulemu umenewo. Munthu wouza wodwala shuga wa mtundu woyamba kuti asiye insulini akumukumbira manda, kaya wanyamula Baibulo kaya wanyamula mizu. Ndimapemphera, ndipo ndimapemphera nditabaya kale.

Anthu amenewa sadziwa mmene zinalili insulini isanapezeke. Chisanafike chaka cha 1921, wachinyamata wopezeka ndi mtundu wanga uwu ankangodikira imfa, madokotala n'kumamumana chakudya kuti awonjezereko miyezi yochepa. M'chaka chimenecho Frederick Banting ndi Charles Best, ku Toronto m'dziko la Canada, anakwanitsa kutulutsa insulini mu kapamba wa nyama. Mu Januwale 1922 anabaya mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, amene anali atatsala mafupa okhaokha, ndipo anadzuka n'kukhalanso ndi moyo zaka zina 13. Tsiku lokumbukira matenda a shuga pa dziko lonse, 14 Novembala, ndi tsiku lobadwa la Banting. Ndikamva munthu akunyoza kabotolo ka insulini ndimakumbuka mnyamata ameneyu.

Kunyumba nkhondo inali pa nsima. Amayi anga, mayi wonyadira ufa wake woyera, wokonola, kuviika ndi kuyanika pa mphasa, atamva kuti anesi akulimbikitsa mgaiwa anakhumudwa ngati ndawatukwana. Kwa iwo mgaiwa unali wa ku ndende ndi ku sukulu zogonera konko. Zinatenga chaka kuti avomere, ndipo mpaka pano kukabwera alendo amabisa. Koma usanamizidwe kuti mgaiwa ndi mankhwala. Ndi nsima ndithu, ukadya mitanda itatu shuga akwera basi. Chimene ndinaphunzira ndi kutembenuza mbale, ndiwo zichuluke, nsima ichepe: bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, nyemba, usipa. Chimene chinandiwawa kusiya ndi tiyi wa masupuni anayi ndi thobwa la pa zinkhoswe. Dziko lolima nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, mlendo kumupatsa tiyi wopanda shuga ndi chipongwe, ndiye uzolowere kufotokoza pakhomo lililonse.

Ndipo usalole wina akuuze kuti wadziputira wekha chifukwa chokonda zotsekemera. Mtundu woyamba umabwera chitetezo cha m'thupi chikaukira kapamba wako yemwe, palibe chimene unalakwa. Mtundu wachiwiri, umene uli wofala kwambiri, umayenda m'magazi a pabanja, ndipo kunenepa ndi kukhala osagwira ntchito yolimbitsa thupi kumaukolezera, koma pamzere wa kuchipatala ndimakhala ndi anthu owonda, alimi, amene galimoto sanakhalepo nayo. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64, oposa asanu anali ndi shuga. Mabwana a mimba zazikulu sangachuluke chotero.

Za chibwenzi

Wanga wa nthawi imeneyo anathawa. Amayi ake anamuuza kuti mkazi wa majakisoni sabereka. Ndinalira mwezi wathunthu. Lero ndili pa banja ndi munthu wina amene amayenda ndi maswiti m'thumba la jekete kuopa kuti shuga wanga angatsike tili m'njira, ndipo akaona ndayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta amadziwa ine ndisanalankhule. Mwana wathu ali sitandade 1. Mimba yake inafuna kuti shuga akhale bwino ndisanaime n'komwe, ndi kupita ku sikelo pafupipafupi kuposa anzanga, koma anabadwa. Wakoyo umuuze, ndipo umupemphe akuperekeze. Mmene akayankhire udziwiratu zambiri.

Za nambala yakoyo

Makina ena amawerenga shuga mu muyeso wotchedwa mg/dL, monga amene anakupatsa 243 aja, ena mu muyeso wa mmol/L. Ukagawa 243 ndi 18 upeza 13.5 pa makina a mmol/L, ndi chinthu chimodzi. Munthu wopanda vuto, ngakhale atamwa Fanta, kawirikawiri sapitirira 200, ndiye yakoyo si yongoinyalanyaza. N'zoona kuti chala chosasamba, chokhala ndi zotsekemera, chikhoza kunamiza makina, n'chifukwa chake anesi anati ukayezetsenso. Ugone osadya kanthu maola asanu ndi atatu, madzi okha umwe, ulawire ndi kabuku kako ka kuchipatala. Nambala ikakhala 126 kapena kuposa, ndiye kuti 7.0 pa makina enawo, ndi shuga. Ngati ali nako kuyeza kotchedwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayi, malire ake ndi 6.5, koma uwauze ngati uli ndi vuto lochepa magazi, chifukwa limasokoneza zotsatira. Usadzimane chakudya sabata yonse kuti ukapambane mayeso, ungodzinamiza wekha. Uwauze zonse, za ludzu, za usiku, za kuonda, ngakhale za kuyabwa kumaliseche ngati kulipo, chifukwa nakonso kumabwera ndi shuga. Ukafunse kuti ndi mtundu uti. Wachiwiri ambiri amayamba ndi mapiritsi a metformin, si onse obaya ngati ine.

Koma ngati ukusanza, m'mimba mukupweteka, ukupuma mofulumira kapena tulo tikungokugwira masana, usadikire m'mawa wosadya. Nyamuka lero lomwe.

Sunandiuze ngati ukuonda kapena ngati ukudzuka usiku, ndipo kusanenako kwandidetsa nkhawa, poti nanenso ndinkadumpha pomwepo. Ndikanalemba zambiri, za kuyang'ana mapazi madzulo aliwonse ndi za kukayezetsa maso chaka ndi chaka, koma magetsi athima kuyambira masana, foni yatsala pang'ono kuzima, ndipo ndiyenera kusamutsa insulini m'firiji kukaika mu mtsuko wa madzi ozizira umene amayi anandiumbitsira ku Ntcheu. Lolemba usadye kadzutsa. Ukatuluka m'chipatalamo undilembere nambala imene akupatse, kaya ndi yotani.